CHIFUKWA NINJI MOWA UPHA WINA NIUSIYA MNZAKE?

Kuyambira mwezi wa April ndalama za fodya ziyamba kulowa m'midzi ya ku Kasungu. Malole a mabelo alunjika ku msika wa Chinkhoma, eni minda alandira zao, matenanti awerengeredwa zao, ndipo pa Santhe, pa Chamama, pa Nkhamenya ndi pa Boma penipeni ogulitsa mowa sagona tulo. Masese, kachasu ndi mowa wa m'mabotolo, zonse zipeza wozigula. Zakuti mowa uononga chiwindi si nkhani yachilendo, pakuti aliyense anaimva ku chipatala kapena ku tchalitchi. Koma pali funso limene limveka pa maliro ambiri, ndipo ndi funso la nzeru. Anthu awiri amwera chipanda chimodzi zaka 20. Wina atupa mimba namwalira asanakwane zaka 50, mnzake akalamba ali chimwere. Chawasiyanitsa nchiyani?

Mayankho a m'mudzi ngodziwika. Ena ati malemuwo anawalodza chifukwa fodya wao anagulidwa bwino. Ena ati ndi tsempho. Otsala pa bwalo la mowa angoti, "Agogo aja anamwa mpaka imvi, nanga ife tiopenji?" Madokotala afufuza funso lomweli zaka zambiri, ndipo apeza kuti gawo lina la kusiyanako munthu abadwa nalo.

Chimene mowa uchita m'chiwindi

Aliyense amene anatumbulapo mbuzi achidziwa chiwindi: chofiirira, chosalala, chofewa. Cha munthu wamkulu chilemera ngati kilogalamu imodzi ndi theka, ndipo chikhala ku dzanja lamanja, kunsi kwa nthiti. Magazi ochokera m'matumbo ayamba adzera m'menemo asanapite m'thupi monse. Chiwindi chisunga shuga, chipanga ndulu, chipanga zinthu zothandiza magazi kuundana pa bala, ndiponso chisukulutsa ululu wa zimene munthu wadya ndi kumwa.

Mowa ukafika, chiwindi chiuphwanya kawiri. Poyamba chiusandutsa mankhwala aukali otchedwa acetaldehyde, kenaka chisandutsa amenewo kukhala chinthu chonga viniga, chimene thupi lichigwiritsa nchito mosavuta. Choopsa ndi chapakaticho, pakuti chitentha maselo, ndiye kuti tizigawo ting'onoting'ono timene timanga chiwalo monga njerwa zimanga nyumba.

Nthenda ibwera pang'onopang'ono. Choyamba chiwindi chidzala mafuta, ndipo zimenezi zichitika kwa pafupifupi onse akumwa kwambiri. Munthu samva kanthu, ndipo akaleka mowa mafutawo achoka. Akapitiriza, chiwindi chitupa, maselo afa, ndipo m'malo mwake mutsala zipsera. Zipsera zikachuluka chiwindi chiuma nichita mabungu. Madokotala atcha nthenda imeneyi cirrhosis. Pano ndipo payambira kusiyana kwa anthu, chifukwa pa akumwa kwambiri 100, amene afika pouma chiwindi ndi 10 kapena 20 okha. Ndipo pa anthu 100 amene chiwindi chao chauma ndi mowa, mmodzi, awiri kapena atatu agwidwa ndi khansa ya chiwindi chaka chirichonse.

Aphunzitsi amva msanga m'mene khansa iyambira. Mwana akakopera mau a pa bolodi kamodzi, alakwa pang'ono kapena osalakwa. Koma akakopera za mnzake, wina nakopera za iye, winanso nakopera za ameneyo, pofika kwa mwana wa kumbuyo mau asokonekera. Selo iriyonse iri ndi malangizo olembedwa m'kati mwake, ndipo pogawikana ikopera malangizowo. Chiwindi chimene chipsa ndi mowa tsiku ndi tsiku chiumirizidwa kupanga maselo atsopano kosalekeza, zolakwa nizichuluka. Tsiku lina selo imodzi itaya lamulo loiuza kuti ileke kuswana, ndipo chotupa chiyamba pamenepo.

Zimene munthu abadwa nazo

Mlimi wa fodya adziwa kuti mbeu ziwiri zofesedwa pa bedi limodzi, zolandira feteleza mmodzi ndi mvula imodzi, sizipirira matenda mofanana. Akulu anati make mbuu, mwana mbuu. Malangizo a m'maselo aja ndiwo achititsa zimenezi, ndipo ophunzira atcha langizo lirilonse gene. Ena alemba kuti majini, koma dzina limenelo lisokoneza, pakuti kuno majini ndi mizimu yovuta anthu, ndipo nkhani ino iribe mizimu. Munthu ali ndi magene ngati 20,000, osungidwa pa timitolo 46 m'selo iriyonse: 23 tochokera kwa amai, 23 tochokera kwa abambo. Chibadwa sichidziwa chikamwini kapena lobola. Mchewa wa kwa Santhe amene awerenga mbumba yake ku chikazi, ndi Mtumbuka wa kwa Kaluluma amene awerenga ku chimuna, onse analandira theka uku, theka uku. Tsono pofunsa za matenda a kumtundu ayenera kufunsa za amalume ndi za abale a abambo ao omwe.

Umboni woyamba wamphamvu unachokera kwa mapasa. M'chaka cha 1981 Hrubec ndi Omenn a ku America anafalitsa zimene anapeza m'mabuku a chipatala a mapasa aamuna amene anakhalapo asilikali, mapeyala 15,924. Mapasa ofanana kwathunthu, ochokera m'dzira limodzi, ali ndi magene amodzimodzi. Mapasa osafanana agawana theka, monga abale wamba. Anapeza kuti mmodzi akauma chiwindi ndi mowa, mnzake anadwalanso nthendayo pafupifupi ka 15 pa 100 ngati anali mapasa ofanana, koma ka 5 pa 100 ngati anali osafanana. Ziwerengero zimenezi zinena zinthu ziwiri. Chibadwa chiri ndi mphamvu, pakuti 15 aposa 5 katatu. Komanso chibadwa si chiweruzo, pakuti ngakhale mwa mapasa ofananawo ochuluka sanadwale.

Panapita zaka zambiri magene enieniwo asanadziwike. M'chaka cha 2008 ofufuza a mu mzinda wa Dallas ku America, motsogozedwa ndi Helen Hobbs ndi Jonathan Cohen, anayeza mafuta a m'chiwindi mwa anthu oposa 2,000 nayang'ananso magene ao. Anapeza gene imodzi, yotchedwa PNPLA3, imene mwa anthu ena iri ndi chilembo chimodzi chosiyana. Kusiyanako nkwakung'ono kwambiri, koma chiwindi cha munthu wotere chilephera kuchotsa mafuta bwino. Zikhala ngati chigafa chimene fodya angolowa osatuluka: chidzala, fodya natentha naola. M'chaka cha 2010 ofufuza ena anaona kuti ku Mexico akumwa okhala ndi mtundu umenewu wa PNPLA3 auma chiwindi kuposa anzao, ndipo pambuyo pake madokotala a ku Ulaya anaonetsa kuti pakati pa anthu amene chiwindi chauma kale ndi mowa, gene imeneyi ichulukitsa ngozi ya khansa pafupifupi kawiri. Amene anailandira mbali zonse ziwiri, kwa amai ndi kwa abambo, ngozi yake iposa pamenepo. Munthu wotere akakhalanso wonenepa kwambiri kapena wodwala shuga, zinthu ziipirako.

Mtundu woopsawo supezeka mofanana m'mitundu yonse ya anthu. Ku Dallas kuja, pa magene 100 a PNPLA3 amene anawerenga, oopsawo anali 49 mwa anthu olankhula Chisipanishi, ambiri a iwo ochokera ku Mexico, 23 mwa azungu, ndi 17 mwa anthu akuda a ku America. Wina angamve zimenezi nati anthu akuda apulumuka. Ai, 17 pa 100 si ochepa. M'mudzi wa nyumba 50 sangalephere kupezekamo anthu otere, ndipo palibe chizindikiro pa nkhope pao.

Gene yachiwiri, TM6SF2, inadziwika mu 2014. Nchito yake ndi kupakira mafuta kuti atuluke m'chiwindi kulowa m'magazi. Ikakhala yofooka mafuta atsalira m'chiwindi, ndipo ngozi ya khansa ikwera. Chodabwitsa nchakuti anthu omwewo sadwala nthenda ya mtima kawirikawiri, popeza mafuta a m'magazi mwao ndi ochepa. Chimene chipulumutsa mtima chilemetsa chiwindi.

Alipo magene ena oteteza. Mu 2018 kunapezeka mtundu wa gene ya HSD17B13 umene uchepetsa kuuma kwa chiwindi mwa akumwa. Mu 2022 Eric Trépo wa ku Brussels ndi anzake a ku France anayerekeza odwala chiwindi chifukwa cha mowa amene anagwidwa ndi khansa ndi ena amene sanagwidwe, napeza malo ena otchedwa WNT3A-WNT9A amene achepetsa ngoziyo ndi gawo limodzi mwa magawo anai. Kapena agogo aja amene anamwa mpaka imvi anali ndi mwai wotere. Koma mdzukulu alandira kwa gogo mmodzi gawo limodzi lokha mwa magawo anai a magene ake, ndipo sasankha gawo lake. Tsono wonena kuti "kwathu mowa sutipha" anyadira chinthu chimene kapena sanachilandire.

Mowa wa m'migolo

Zofufuza zonse zatchulidwazi zinachitika makamaka pa anthu a ku Ulaya ndi ku America. Koma iripo nkhani ina imene ndi ya kuno kwenikweni, ndiyo ya chitsulo.

Thupi lifuna chitsulo pang'ono kuti lipange magazi, ndipo nchifukwa chake amai oyembekezera alandira mibulu ya chitsulo ku sikelo. Koma thupi liribe njira yotayira chitsulo chikachuluka. Lingochiunjika, makamaka m'chiwindi. M'chaka cha 1929, masiku amene amuna ambiri a dziko lino anali kupita ku Joni, Dokotala A. S. Strachan analemba za mitembo ya anthu akuda imene anaiyeza ku Johannesburg, nati ambiri anali ndi chitsulo chochuluka modabwitsa m'chiwindi ndi m'kapamba. Mu 1964 Thomas Bothwell ndi anzake anaonetsa kumene chinali kuchokera: mowa wa masese wofulidwa m'migolo ndi m'miphika ya chitsulo. Mowa posasa ukhala wowawasa, ndipo kuwawasako kudya mgolo, chitsulo nichisungunukira mu mowa. Makolo akale anali kufulira m'mbiya zadothi, ndipo vuto limeneli linakula pamene migolo inafika.

Kwa zaka zambiri anthu anayesa kuti mlandu wonse ndi wa mgolo. Koma mu 1992 Victor Gordeuk ndi anzake anayeza anthu 236 a m'mabanja 36 a kuno kumwera kwa Africa, ndipo anaona kuti si onse akumwa mowa wotere amene aunjika chitsulo choopsa. Kuunjikako kunali kutsata mabanja monga chitsata chinthu cha chibadwa, ndipo sikunali kogwirizana ndi gene imene ichititsa nthenda yonga yomweyi mwa azungu. Munthu wa chibadwa chotere akapanda kumwa mowa wa m'mgolo akhoza kukhala moyo wake wonse osadziwa kanthu. Akamwa, matumbo ake atenga chitsulo choposa muyeso. Kufufuza kwina kwa ku South Africa kwa 1998, ngakhale kunali kwa odwala ochepa, kunapeza kuti anthu ounjika chitsulo chotere agwidwa ndi khansa ya chiwindi pafupifupi kakhumi kuposa ena. Amuna ndiwo avutika kwambiri, chifukwa amai ataya chitsulo china mwezi ndi mwezi, ngakhale kuti mowa weniweniwo uononga chiwindi cha mkazi msanga kuposa cha mwamuna.

Kachasu alibe chitsulo chambiri, chifukwa chitsulo sichikwera ndi nthunzi potcheza. Koma pasakhale wina woyesa kuti wapeza pothawira: ukali wa kachasu uposa wa masese kangapo, ndipo chiwindi chiwerenga ukali, osati dzina la mowa.

Zooneka ngati za kumtundu

Banja likataya anthu awiri kapena atatu ndi nthenda ya chiwindi, sikuti nthawi zonse ndi magene. Pali zinthu ziwiri zimene ziyenda m'banja popanda kudzera m'chibadwa, ndipo kuno ku Africa ziwirizi zipha anthu ambiri ndi khansa ya chiwindi kuposa magene onse atchulidwa aja.

Choyamba ndi kachirombo ka hepatitis B, kamene Baruch Blumberg anapeza chizindikiro chake m'magazi mu 1965. Kachoka kwa mai kupita kwa mwana pobadwa, kayenda pakati pa ana aang'ono a nyumba imodzi, kayenda ndi lumo limodzi lotemera mphini kapena lometera, ndiponso pogonana. Munthu wamkulu akakatenga, kawirikawiri thupi likagonjetsa. Koma pa makanda 10 amene akatenga pobadwa, 9 akhala nako moyo wonse, ndipo kadya chiwindi mwakachetechete zaka 20 kapena 30. Nchifukwa chake kuno khansa ya chiwindi igwira amuna a zaka 30 kapena 40, a mphamvu zao, pamene ku Ulaya igwira makamaka okalamba. Ofufuza atasonkhanitsa mu 2018 zoyeza zimene zinachitika m'Malawi, anapeza kuti anthu ngati 8 pa 100 anali nako. Katemera wake analowa m'dziko muno mu 2002, ndipo ana amlandira ku sikelo pa masabata 6, 10 ndi 14. Amene anabadwa chaka chimenecho chisanafike sanampeze ku sikelo, ndipo ndiwo abambo ndi amai a lero amene agwira ndalama za fodya.

Chachiwiri ndi chuku, ndipo Kasungu, dziko la mtedza ndi chimanga, ayenera kumva bwino pamenepa. Mu 1960 nkhukundembo zoposa 100,000 zinafa ku England zitadya chakudya cha mtedza wochokera ku Brazil. Pofufuza anapeza ululu wopangidwa ndi nkhungu imene imera pa mbeu zosauma bwino, nautcha aflatoxin. Ululu umenewu suphedwa ndi kuphika kapena kukazinga kwa masiku onse. Ulowa m'chiwindi nusintha malangizo a m'maselo. Mu 1991 ofufuza anayang'ana zotupa za odwala a kumwera kwa Africa, makamaka a ku Mozambique, ndi za odwala a ku Qidong ku China, napeza kuti zambiri zinali ndi chilema pa malo amodzimodzi, pa nambala 249 ya gene yotchedwa TP53. Gene imeneyi ndiyo mlonda woletsa selo yolakwika kuswana, ndipo chuku apha mlondayo. Chilema chotere munthu sabadwa nacho, ndipo sapatsira ana ake, achitenga m'mbale. Koma banja limene lidya za m'nkhokwe imodzi lidya chuku mmodzi, ndipo oona ayesa kuti ndi za kumtundu. Kachirombo ndi chuku zikakumana m'chiwindi chimodzi, ngozi ichuluka kambirimbiri kuposa ya chirichonse pachokha.

Pali mwambo umene uoneka ngati wosamala chuma: chimanga choola, chimene sichiyenera kupita ku chigayo, achipatula kuti chikafulidwe mowa. Ofufuza a m'dziko lino, motsogozedwa ndi Limbikani Matumba, anayeza mowa wa masese wa m'midzi napezamo ululu wa chuku. Chotero chipanda chimodzi chikhoza kusenza zinthu zitatu pamodzi: mowa, chitsulo cha mgolo ndi chuku. Kuwaza madzi pa mtedza kuti usavute poswa nakonso kuitana nkhungu. Ndipo fodya amene, ngakhale apatsa ndalama, posutidwa aonjeza ngozi ya khansa ya chiwindi, osati ya mapapo yokha.

Zimene munthu angachite

Kuyeza magene monga PNPLA3 si nchito ya zipatala za m'maboma, ndipo ngakhale ku Ulaya dokotala sayeza wodwala aliyense. Koma mau amene dokotala akadanena atayeza ngodziwika kale: wa gene yoopsa aleke mowa, wa gene yoteteza asadalire chitetezocho, pakuti chingochepetsa ngozi osaichotsa. Chimene munthu wa m'mudzi ali nacho m'manja ndi mbiri ya banja lake. Ngati abambo, amalume, mbale kapena mlongo anamwalira atatupa mimba, maso ali achikasu, kapena akusanza magazi, munthuyo adziwe kuti iye sali wofanana ndi anzake a pa bwalo la mowa. Chifukwa chake chikhale gene, kachirombo kapena nkhokwe, zochita zake ndi zimodzimodzi. Asiye mowa, ndipo apite ku chipatala cha Boma cha Kasungu, kapena ku zipatala za mishoni monga cha Nkhamenya ndi cha St Andrew's ku Mtunthama, akafotokoze mbiriyo napemphe kuyezedwa hepatitis B. Akapezeka nako, a m'nyumba mwake ayezedwenso. Alipo mankhwala otchedwa tenofovir, omwewo amene ali m'gulu la mankhwala a HIV, amene agonetsa kachiromboka nachepetsa ngozi ya khansa, ndipo dokotala ndiye aona amene ayenera kuwalandira.

Amai ofulula mowa, amene ambiri aphunzitsa ana ndi ndalama zimenezo, akhoza kuthandiza makasitomala ao posagwiritsa nchito mbeu zoola ndi posasasitsa mowa m'mgolo wa dzimbiri. Aphunzitsi, pophunzitsa za ulimi, asaiwale kunena kuti mtedza uume bwino usanalowe m'thumba, ndi kuti njere zofota, zosweka ndi zankhungu sizoyenera kusinjidwa nsinjiro kapena kupatsidwa ana.

Si kutupa mimba konse kumene kuli kwa mowa kapena khansa. Likodzo la m'matumbo, chifuwa chachikulu ndi nthenda ya mtima zitupitsanso mimba, ndipo zimenezi ziri ndi mankhwala ake. Tsono kuloza munthu chala kuti ndi chidakwa, kapena kuthamangira koombeza, kungochedwetsa wodwala. Ambiri abisa za mowa pamaso pa dokotala chifukwa cha manyazi, ndipo mbewa ya manyazi inafera kuuna. Mankhwala a zitsamba osadziwika muyeso, ndiponso Panado womwedwa mopitirira muyeso pofuna kuchotsa matsire, alemetsa chiwindi chodwala kale.

Amene chiwindi chake chauma kale asayese kuti kuleka mowa kulibenso phindu. Zipsera zambiri sizichoka, koma zileka kuchuluka, madzi a m'mimba achepa, ndipo moyo utalika. Ngozi ya khansa itsika pang'onopang'ono chaka ndi chaka, ndipo itenga zaka zambiri kuti ichepe kwenikweni. Nchifukwa chake madokotala afuna kuti munthu wotere aziunikidwa chiwindi ndi makina a sikani miyezi 6 iriyonse, ngakhale asakumva kupweteka. Chiwindi sichilira msanga. Chotupa chikapezeka chiri chaching'ono ngati dzira la njiwa, dokotala wa ku chipatala chachikulu monga cha Kamuzu Central ku Lilongwe akhoza kuona ngati nkotheka kuchichotsa. Chikayamba kumveka ndi dzanja kunsi kwa nthiti, wodwala ataonda kale, nthawi zambiri chimene chitsala ndi mankhwala oletsa ululu ndi kusamalira wodwalayo kunyumba.